Timadontho tofiira pachifuwa, mpaka kukayezetsa chiwindi

Timadontho timene tinatuluka pachifuwa panga ndi m'khosi sitinkayabwa kapena kupweteka. Khungu langa ndi loyererako, choncho tinkaoneka bwino: kadontho kofiira pakati, timizere topyapyala titatambalala mbali zonse ngati miyendo ya kangaude. Pa khungu lakuda kwambiri timabisala, timangooneka todera, ndipo munthu angakhale nato nthawi yaitali osatizindikira.

Ndinayambira kuchipatala chaching'ono cha kwathu, kabuku kachipatala kali m'manja. Adokotala anatenga kagalasi kaja amapakapo magazi a malungo, n'kukakanikiza pa kadontho kamodzi. Kanazimiririka. Atachotsa galasi, magazi anabwerera kuchokera pakati kupita m'timizere tija. Kenako anakanikiza kena kotukuka pang'ono pamimba, koma iko sikanasinthe. "Bambo, apa pali mitundu iwiri," anatero. Ka pamimbako n'kofala kwa anthu amene apitirira zaka 30 ndipo sikavuta. Ta kangaudeto ndito tinawakayikitsa, chifukwa tikachuluka kumaso, m'khosi, pachifuwa ndi m'mikono, nthawi zina timasonyeza kuti chiwindi chikulephera kuchotsa mahomoni a estrogen m'magazi. Amayi oyembekezera ndi amene akumwa mapiritsi olera amathanso kukhala nato chiwindi chili bwinobwino, koma ine ndine mwamuna, ndiye zifukwa zimenezo panalibe. Anandiuzanso za mtundu wachitatu, timadontho ting'onoting'ono tosazimiririka ndi galasi, timene tikabwera ndi kutentha thupi munthu sayenera kudikira kuti kuche.

Anandiyang'ana m'maso ngati muli chikasu, anatembenuza zikhatho zanga kuona ngati zafiira, anapapasa pansi pa nthiti za kumanja. Mafunso ndiye anali ambiri. Mowa mumamwa wochuluka bwanji, ndipo ndi wa mtundu wanji? Panado mumamwa kangati? Mankhwala azitsamba? Munatemeredwapo mphini? Munakulira kunyanja kapena kumtsinje? Funso lomalizali n'la likodzo la m'matumbo, limene mazira ake amakaunjikana m'chiwindi n'kuumitsa njira za magazi. Pa nkhani ya mowa ndi zitsamba, nenani zonse monga zilili. Adokotala akungofuna kudziwa koyambira, ndipo mukabisa mudzayezedwa zinthu zosafunika.

Anandilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu. Kulabu anatenga magazi m'timabotolo tiwiri. Ka chivindikiro chapepo n'kowerengera maselo a magazi, makamaka ma platelet, amene amathandiza magazi kuundana ndipo amachepa chiwindi chikauma. Kachiwiri n'ka LFT, koonera mmene chiwindi chikugwirira ntchito, komwe amayeza zinthu za m'magazi zotchedwa ALT, AST, bilirubin ndi albumin. Anandibayanso pachala kuyeza kachilombo kotupitsa chiwindi ka hepatitis B, zimene papepala amalemba kuti HBsAg. Ngati pa pepala lanu mulibe zilembo zimenezi, funsani kuti aziwonjezere. Ma ALT angatuluke abwino pomwe kachilomboko kali m'thupi kwa zaka zambiri, ndipo munthu n'kubwerera kunyumba akuganiza kuti wapulumuka.

Zanga zinatuluka kuti ndili nako. Ndinakhala kaye chete pabenchi, maganizo atathamangira kwa mayi a kunyumba. Adokotala anandifotokozera kuti kuno ku Africa ambiri amakatenga pobadwa kapena ali ana aang'ono, ngakhale kamafalanso pogonana ndi pobwerekana malezala. Sikapatsirana podyera mbale imodzi. Katemera wake analowa m'ndondomeko ya ana kuno ku Malawi mu 2002, m'jakisoni uja amabaya mwana ali ndi milungu 6, 10 ndi 14, ndiye ife obadwa kale tinaphonyana naye.

Chimene chinandisangalatsa ndi masamu amene anachita pakona ya pepala, otchedwa APRI, oyerekezera mmene chiwindi chaumira. AST yanga inali 52, anaigawa ndi 40, malire ake apamwamba. Yankholo analigawanso ndi ma platelet anga, 165, n'kuchulukitsa ndi 100. Kunatuluka 0.79. Malangizo a bungwe la WHO a 2024 amati munthu wamkulu wa hepatitis B akapitirira 0.5 ayambe mankhwala, ndipo akapitirira 1 amamukayikira kuti chiwindi chauma kale. Ubwino wa masamuwa ndi woti safuna makina odula, magazi omwewo akwana.

Kujambula kunali kwa tsiku lina, ndipo anandiuza kuti ndibwere osadya kuti ndulu ioneke bwino. Anandipaka mafuta ozizira pamimba, n'kumayendetsa kachipangizo pansi pa nthiti. "Kokerani mpweya m'kati, bambo, muugwire pomwepo." Pa sikirini ine ndinkangoona mithunzi yotuwa, koma iwo ankayang'ana ngati m'mphepete mwa chiwindi muli mabampu, ngati kapamba watupa, ngati m'mimba muli madzi, komanso ngati pali chotupa. Sanapeze chilichonse mwa zimenezi.

Ndisanalandire tenofovir, mankhwala a hepatitis B, anandiyeza zinthu ziwiri. Choyamba HIV, chifukwa mankhwala omwewa ali m'ma ARV, ndipo kuwamwa okhaokha uli ndi HIV yosadziwika kumachititsa kuti kachilombo ka HIV kasamamvenso mankhwala. Chachiwiri impso, chifukwa tenofovir amatulukira kumeneko. Ndi piritsi limodzi patsiku, ndipo anandichenjeza kuti ndisadzasiye pandekha ngakhale nditamva bwino, popeza kachilombo kakadzuka mwadzidzidzi chiwindi chimatupa koopsa.

Mowa ndinauleka. Mtedza ndi chimanga chachuku sitikuphikanso pakhomo, chifukwa poizoni wa chuku, aflatoxin, akakumana ndi hepatitis B chiopsezo cha khansa ya chiwindi chimakula. Wina wa kumsika anandiuza za botolo lake "lotsuka chiwindi", koma ndinamukana, poti zosadziwika zoterozo zimakasefedwa ndi chiwindi chomwecho chimene chikudwala.

Mayi a kunyumba anakayezetsa, sanawapeze nako, ndipo anayamba katemera wa majakisoni atatu. Ana anayezedwanso ngakhale makadi awo a kusikelo akusonyeza kuti analandira katemera. Ine m'kabuku anandilembera kuti miyezi 6 iliyonse ndizibwera kudzayezetsa magazi ndi kujambulitsa, ndipo poyamba adzaonanso HBsAg, ALT ndi impso.