Yisiti wa mandasi ndi mapuloteni ogawa selo

Yisiti amene amayi amagula pa Kamuzu Road ku Salima kuti atupitse mandasi ndi Saccharomyces cerevisiae, mtundu womwewo umene wasayansi wa ku America Lee Hartwell anapezera majini a mapuloteni oyendetsa kugawikana kwa selo. Njira yake njosavuta kuimva: mumasokoneza majini a yisiti ndi mankhwala osintha majini, kenako n'kufunafuna maselo amene amakula pa madigiri 23 koma n'kuima pa 36.

Chakudya cha yisitiyo ndi chosakaniza chotchedwa YPD: magalamu 10 a yeast extract, 20 a peptone, 20 a glucose ndi 20 a agar mu lita imodzi ya madzi. Timagulu ta maselo tikamera, mumatidinda ndi nsalu ya velveti n'kutisamutsira m'mbale ziwiri, ina kozizirako, ina kotentha.

Olephera kotentha amakhala ambiri, koma ofunika ndi aja amene pa maikulosikopu onse aima ndi maonekedwe amodzi. Selo la yisiti limagawikana potulutsa mphukira. Puloteni yotchedwa Cdc28 ikafooka, selo siliphuka n'komwe. Zikafooka Cdc3, Cdc10, Cdc11 kapena Cdc12, zimene zimapanga mphete pakhosi pa mphukira, mphukirayo imangotalika osaduka, manyukiliyasi n'kuchulukana m'kati. Kuti muone pamene puloteni ikukhala, ilumikizeni ndi GFP, puloteni yowala mobiriwira. Mpheteyo imawala mobiriwira, ndipo njokongola zedi.

Vuto la kuno kunyanja ndi kutentha. Mu Okotobala chipinda chimapitirira madigiri 30, ndiye mbale yosiyidwa patebulo siilinso "yozizira". Pamafunika inkyubeta yoziziritsa, apo ayi maselo ofunikawo amaima m'mbale zonse ziwiri, inu osawazindikira.