Ulendo wathu wa ku Halle, kumene tinakaona manda a ku Eulau

Gulu lathu la Amalawi okhala ku Germany linakumana pa siteshoni ya Leipzig m'mawa wa Loweruka, n'kukwera sitima ya ku Halle. Ambiri ankafuna kukaona chimbale chamkuwa cha ku Nebra chojambulidwa mwezi ndi nyenyezi, chimene chimasungidwa ku Landesmuseum für Vorgeschichte, nyumba yosungiramo zinthu zakale. Tinachionadi, koma pamene tinakhalitsa ndi pa manda a ku Eulau.

Mandawa anapezeka mu 2005 pafupi ndi Naumburg. Anali anayi, ndipo munali anthu 13 amene anaphedwa zaka pafupifupi 4,600 zapitazo. Ofukula anadula nthaka yonse pamodzi ndi mafupa n'kupita nazo ku nyumba yosungiramo zinthu zakaleyi, choncho munthu amawaona monga anagonekedwera. M'manda amodzi muli bambo, mayi ndi ana aamuna awiri, mwana aliyense atayang'anizana ndi kholo lake, manja atakhudzana. Mwa anthu ophedwawo, mayi wina anapezeka ndi nsonga ya muvi yamwala itakanirira m'fupa la msana. Amayi achikulire a m'gulu lathu anaima patali, nati, "Ana inu, kodi awa si manda? Tingamaloze zala chonchi?" Ndikuona kuti anafunsa zoyenera, ndipo kuyambira pamenepo tinkayankhula motsitsa mawu.

Wotitsogolera anafotokoza kuti mu 2008 Wolfgang Haak ndi anzake anayeza DNA ya m'mafupawo n'kupeza kuti anayiwo analidi bambo, mayi ndi ana awo. Anayezanso strontium ya m'mano, imene imasonyeza dera limene munthu anakulira. Abambo ndi ana anali a komweko, koma amayi anakulira kwina. Mnzathu wina anati, "Ndiye kuti chinali chitengwa," ndipo tonse tinagwedeza mitu.

Anthuwa akatswiri amawatcha a Corded Ware chifukwa ankadinda chingwe pa miphika yawo dongo lisanaume. Mu 2015 Haak, David Reich wa ku Harvard ndi ena anaonetsa kuti pafupifupi magawo atatu mwa anayi a magazi a anthu otere ku Germany anachokera kutali kum'mawa, ku zidikha za udzu zopanda mitengo za kumpoto kwa Black Sea ndi Caspian Sea. Kumeneko, cha m'ma 3300 mpaka 2600 Khristu asanabadwe, kunkakhala a Yamnaya, oweta ng'ombe ndi nkhosa amene ankayenda pa ngolo ndipo ankaika maliro pansi pa mitumbira ikuluikulu yotchedwa kurgan.

Ine chimene chinandigwira mtima ndi chiyambi cha a Yamnaya eni ake. Kale anthu ena ku Ulaya ankakonda kunena za mtundu wosasakanikirana umene unagonjetsa mitundu ina, ndipo bodza limeneli linaphetsa anthu ambiri m'dziko lomwe tinali kuyendamo. Mafupa akutsutsa zimenezo. Mwa a Yamnaya muli magazi a alenje akale a kum'mawa kwa Ulaya ndi a anthu a ku mapiri a Caucasus. Kafukufuku wa mu 2025 wa Iosif Lazaridis ndi anzake analondola gawo lalikulu la makolo awo kwa anthu amene ankakhala pakati pa Caucasus ndi kumunsi kwa mtsinje wa Volga, amene anasamukira kumadzulo n'kukwatirana ndi alenje a m'mbali mwa mtsinje wa Dnipro. Nkhani yoti a Yamnaya anasefukira ku Ulaya ali pa akavalo ilinso ndi vuto, poti akavalo oweta amene tili nawo lero anafalikira cha m'ma 2200 Khristu asanabadwe, a Yamnaya atasamuka kale.

Pa sitima yobwerera tinatsutsana kwambiri. Mnzathu wophunzira zachipatala anatikumbutsa kuti bambo wa ku Eulau ndi ana ake anali a mzere wachimuna wa R1a, pamene amuna ambiri a Yamnaya oyezedwa ndi a R1b. Iye anati n'kutheka kuti a Corded Ware sanali ana enieni a anthu a m'mitumbira ija koma abale awo apafupi. Ena anakana, nati m'mitumbira munkaikidwa mabanja olemekezeka okha, choncho amuna wamba sakuoneka. Tinafika ku Leipzig tisanagwirizane.

Tisanabalalike, wina wochokera ku Mzimba anatiuza za phiri la Hora, kumene mafupa a alenje akale a zaka zoposa 8,000 anayezedwa DNA, ndi za mapanga a ku Fingira ndi Chencherere, kumenenso kunapezeka mafupa otere. Magazi a alenje amenewo pafupifupi sakuonekanso mwa Amalawi a lero. Ambirife sitinkadziwa zimenezi, choncho tinamupempha kuti adzatifotokozere bwino pa msonkhano wathu wotsatira.