Lachitatu mu labu: masilaidi a khansa ya impso

M'mawa uno patebulo panali tizidutswa tiwiri ta wodwala mmodzi amene khansa yake ya impso inafalikira kale. Kena kachokera pa impso penipeni, kena m'fupa la msana. Madokotala akufuna kudziwa mtundu wa chotupacho ndi mapuloteni amene akuonekamo.

Ka pa impso sikanavute. Pa silaidi timaika antibody yogwira puloteni imene tikufuna, ndipo pamene yagwira pamaoneka utoto. Utoto wa puloteni ya PAX8 wagwira m'kati mwa maselo, kusonyeza kuti gwero ndi impso. Puloteni ina, CAIX, yazungulira selo lililonse mbali zonse ngati mpanda, ndipo umu ndi mmene mtundu wa khansa ya impso wotchedwa clear cell umaonekera. Utoto ukangogwira pansi ndi m'mbali n'kusiya pamwamba ngati kapu, ganizirani clear cell papillary, chotupa chosalusa kwenikweni. Komanso musamawerenge maselo a m'mphepete mwa pamene chotupa chafa. Pamenepo okosijeni amachepa, ndiye CAIX imatuluka ngakhale m'zotupa za mtundu wina.

Ka m'fupa katuluka mbuu, popanda utoto ngakhale pang'ono. Sikuti mapuloteni mulibe ayi. Fupalo analifewetsa ndi asidi wamphamvu kuti lidulike msanga, asidiyo n'kuwononga pamene antibody imagwira. Mankhwala ena ofewetsera fupa, EDTA, amatenga masiku ambiri koma amasunga mapuloteni. Zina zonse zinali bwino: kachidutswa kanasungidwa mu formalin ya 10% kwa maola oposa 6 koma osapitirira 72, tizigawo todulidwa mamaikuloni 4.

Masana kunali kukambirana za mankhwala, ndipo apa m'pamene panali nkhani. M'zotupa zambiri za clear cell, jini ya VHL ya pa chromosome 3 imakhala itawonongeka. Ntchito ya puloteni ya VHL ndi kuchotsa mapuloteni a HIF pamene okosijeni alipo wokwanira. Ikasowa, HIF imaunjikana, selo limakhala ngati likubanika, n'kuyamba kutulutsa puloteni ya VEGF yoitana mitsempha yatsopano ya magazi, komanso CAIX ija. Kaelin, Ratcliffe ndi Semenza analandira mphoto ya Nobel mu 2019 chifukwa chofotokoza njira imeneyi.

Mankhwala otseka njira ya VEGF ndi akale ndithu. Sunitinib amamwa 50 mg patsiku kwa milungu 4, n'kupuma milungu 2, ndipo amakweza BP ndi kusupula zikhatho ndi mapazi. Belzutifan amalunjika HIF yeniyeniyo, ya mtundu wa HIF-2α, 120 mg kamodzi patsiku. Ku America anamuvomereza mu 2021 kwa odwala matenda a VHL (obadwa ndi jini ya VHL yowonongeka), kenako mu December 2023 kwa amene khansa yawo yapitirira atalandira kale mankhwala ena. Vuto lake limachokera pomwepo: HIF-2α ndiyo imalamula kupangidwa kwa erythropoietin, holomoni yopangitsa maselo ofiira a magazi, choncho ikatsekedwa magazi amachepa. Hemoglobin ndi okosijeni wa m'magazi ziyenera kuyezedwa asanayambe komanso pafupipafupi.

CAIX ndiyo imanyenga anthu. Imaoneka bwino kwambiri pa silaidi moti munthu amaganiza kuti kuilasa ndi mankhwala n'kosavuta. Ku Rotterdam atayesa maselo a T, a chitetezo cha m'thupi, okonzedwa kuti aisake (njira yotchedwa CAR-T), chiwindi cha odwala chinavulala, chifukwa timachubu ta ndulu natonso tili ndi CAIX. Antibody yolunjika CAIX yotchedwa girentuximab, pa kafukufuku wa ARISER, sinaletse khansa kubwerera pambuyo pa opaleshoni. Koma antibody yomweyo ikamangiriridwa ku zirconium-89, chitsulo chotulutsa radiyeshoni, imaonetsa chotupa pa makina ojambula m'thupi a PET. Pofufuzira ndi yabwino, pochizira sinafikepo. Puloteni ina, CD70, nayo ikadali m'mayesero a CAR-T. Puloteni ya PD-L1 tinangoidutsa, poti pa khansa ya impso siithandiza kusankha woti alandire mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi, nivolumab kapena pembrolizumab.

Madzulo lipoti latuluka: cha pa impso ndi clear cell, cha m'fupa sichingaweruzidwe. Pansi pake talembapo pempho loti akatenganso kachidutswa, asankhe malo ofewa ngati alipo, ndipo likakhala fupa ndithu, alembe pa botolo kuti lisaikidwe mu asidi.