Kuika Linux pa tabuleti yotchipa ya Intel Atom: musafufute Windows musanachotsemo ma driver

Matabuleti amene ndikunena pano ndi aja a mainchesi 7, 8 kapena 10 amene anadzaza msika kuyambira cha m'ma 2014, okhala ndi purosesa ya Intel Atom Z3735F, Z3735G kapena x5-Z8350, RAM ya 1 GB kapena 2 GB, ndi malo osungira zinthu a 32 GB. Ankatuluka ndi mayina ambirimbiri, monga Chuwi, Teclast, Onda ndi Linx, koma m'kati mwake amafanana kwambiri. Microsoft inasiya kutumiza zokonza za Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna RAM ya 4 GB ndi malo a 64 GB, ndiye matabuleti awa anasiyidwa. Linux imatha kuwayendetsa. Matabuleti otchipa a Android okhala ndi tchipi ya MediaTek, Unisoc kapena Allwinner ndi nkhani ina: ambiri mwa iwo bootloader yake, pulogalamu yoyatsira makina, ndi yotseka ndipo opanga satulutsa kodi ya kernel yawo, mtima wa sisitemu umene umayendetsa zida, choncho njira iyi sikugwira kumeneko.

Kuti zonse zikubwerazi zimveke, tiyambe ndi gwero la vuto. Kompyuta yopangidwa bwino imadzifotokoza yokha kudzera mu matebulo a ACPI: zida zanga ndi izi, zalumikizidwa motere. Mafakitale a matabuleti otchipa sankavutikira zimenezo. Ankasiya matebulowo osakwanira, n'kubisa zotsalazo mu driver, kapulogalamu koyendetsa chida, ya Windows yopangidwira tabuleti imodziyo: kukula kwa galasi lokhudza, mbali imene sensa yayang'ana, mmene wailesi ya Wi-Fi iyenera kutchunidwira. Nthawi zambiri Linux imakhala nayo driver ya tchipi yanu, chimene ilibe ndi manambala amenewa. Mukafufuta Windows mosaganiza, mwataya malo okhawo amene analembedwa, ndipo webusayiti ya kampani mwina inatsekedwa kalekale.

N'chifukwa chake ntchito ndimaiyambira mu Windows momwemo. Pamafunika fulashi ziwiri, imodzi ya 8 GB yoikapo Linux ndi ina yosungira ma driver, kiyibodi ndi mbewa za USB, ndi kahabu ka OTG chifukwa tabuleti zambiri zili ndi doko limodzi lokha la micro USB. Doko lomwelo ndi lotchajira, ndipo pa matabuleti ambiri silitchaja pamene habu yalumikizidwa. Batire lizidzaza musanayambe, ndipo ngati lafooka kale moti silifika ola limodzi, yambani mwakonza zimenezo kaye.

Ndimatsegula Command Prompt ngati administrator n'kulemba:

dism /online /export-driver /destination:D:\madriver

D: ndi fulashi yachiwiri ija, ndipo foda ya madriver muipange kaye. Lamuloli limakopera driver iliyonse yosachokera kwa Microsoft. Kenako ndimalowa mu C:\Windows\System32\drivers n'kukopera padera SileadTouch.sys, SileadTouch.fw ngati ilipo, ndi fayilo iliyonse imene dzina lake lathera ndi nvram.txt. Mu Device Manager ndimayang'ana Hardware Ids za galasi lokhudza, Wi-Fi, zamawu ndi sensa, n'kuzilemba papepala. Mukaona GDIX1001, galasi ndi la Goodix ndipo kawirikawiri limagwira lokha. Mukaona MSSL1680, ndi la Silead, ndipo dziwani kuti ntchito yaikulu ili pamenepo.

Chopinga choyamba ndi kuyatsa. Purosesa ya Z3735 ndi ya 64-bit, koma UEFI, pulogalamu ya m'bolodi imene imayamba tabuleti ikayaka, ndi ya 32-bit pa matabuleti ambiri a m'badwo umenewu wotchedwa Bay Trail. UEFI yotere imafunafuna fayilo ya BOOTIA32.EFI mu foda ya EFI/BOOT, ndipo ikapeza BOOTX64.EFI yokha imangoidumpha fulashiyo mosanena kanthu. Anthu ambiri amaganiza kuti fulashi yawo yafa pomwe ili bwinobwino. Ine ndimagwiritsa ntchito mtundu wa Linux wotchedwa Fedora chifukwa kuyambira pa Fedora 27 inayamba kuthandiza UEFI ya 32-bit pa makina a 64-bit, ndiponso kernel yake imakhala yatsopano, chimene n'chofunika kwambiri pa zida izi. Ndikalemba ISO, fayilo yoikira Fedora, pa fulashi, ndimatsegula EFI/BOOT kuti ndione ngati BOOTIA32.EFI ilimo. Ngati mulibe, Ventoy, pulogalamu yokonzera fulashi yoyatsira, imatha kuyatsa pa UEFI ya 32-bit. Matabuleti a Cherry Trail, a x5-Z8300 ndi Z8350, ambiri ali ndi UEFI ya 64-bit ndipo vutoli alibe.

Kulowa mu UEFI ndimadzera mu Windows: Settings, Update & Security, Recovery, Advanced startup, kenako UEFI Firmware Settings. Pa ena, kudinadina Esc kapena Del pa kiyibodi poyatsa kumakwanira. Mmenemo ndimathimitsa Secure Boot basi. Apa ndichenjeze mwamphamvu: menyu za matabuleti awa zimaonetsa zosankha mazanamazana zimene fakitale inayenera kubisa. Mukasintha za USB, doko limodzi lija likhoza kusiya kuona kiyibodi, ndipo palibenso njira yobwezera popanda kutsegula tabuleti n'kulemba tchipi ya BIOS ndi chida chapadera. Musakhudze chimene simukuchidziwa.

Linux ikayaka kuchokera pa fulashi, sindithamangira kuika. Ndimayamba ndafunsa makinawo kuti ndi ndani:

cat /sys/firmware/efi/fw_platform_size
cat /sys/class/dmi/id/modalias
ls /sys/bus/i2c/devices
sudo dmesg | grep -i firmware

Loyamba limayankha 32 kapena 64. Lachiwiri ndi dzina la tabuleti monga mmene fakitale inalilembera, ndipo ndi lofunika chifukwa kernel ili ndi mndandanda wa matabuleti odziwika, imene imawazindikira ndi dzina limeneli n'kuwapatsa manambala oyenera. Ntchito yaikulu ya mndandandawu anaigwira Hans de Goede, amene kwa zaka zambiri wakhala akukonza matabuleti a Atom mu kernel limodzi ndi limodzi. Tsoka lake, mafakitale ambiri anasiya mawu oti "To be filled by O.E.M." kapena "Default string" pamalo a dzina, ndiye matabuleti osiyana kotheratu amaoneka ngati amodzi. Lachitatu limandandalika zida monga galasi lokhudza ndi sensa. Lomaliza, la dmesg, limaonetsa mafayilo a firmware, mapulogalamu oyendetsa matchipi, amene kernel yafuna n'kuwasowa, ndipo mayina amenewo ndi amene mudzagwire nawo ntchito.

Kuika kwenikweni kulibe zachilendo. Malo osungira amaoneka ngati mmcblk osati sda, ndipo pa 32 GB ndimafufuta zonse chifukwa Windows ndi Linux pamodzi sizikwanamo bwino. Pa RAM ya 2 GB, desikitopu ya GNOME imalemera koma ili ndi kiyibodi ya pa sikirini ndipo imatembenuza chithunzi yokha. Desikitopu ya Xfce ndi yopepuka koma inapangidwira mbewa. Pa 1 GB musayese n'komwe GNOME. Fedora imayatsa yokha zram, njira yopanikiza deta mu RAM, kuyambira pa Fedora 33, ndipo zimathandiza ndithu.

Ikayaka koyamba, ndimayamba ndi Wi-Fi chifukwa zina zonse zimafuna intaneti. Poyembekezera, foni yolumikizidwa pa habu ndi USB tethering imagwira ntchito. Matchipi ofala ndi awiri. Realtek RTL8723BS ili ndi driver yotchedwa r8723bs imene inalowa mu kernel 4.12, m'chigawo cha staging, kutanthauza kuti kodi yake sinafike pa muyezo wa kernel. Imagwira, koma imakonda kuduka, ndipo kuthimitsa power saving ya Wi-Fi mu NetworkManager kumachepetsa vutolo. Za Broadcom, monga BCM43430 ndi BCM43340, zimayenda ndi brcmfmac, imene imafuna mafayilo awiri: firmware ya .bin imene Fedora ili nayo kale, ndi fayilo ya .txt ya NVRAM yofotokoza mmene wailesi ndi antena zakhalira pa bolodi lanu. Ma kernel amakono amayamba ayang'ana NVRAM mu UEFI momwe. Ngati mulibe, dmesg imadandaula kuti yasowa, mwachitsanzo, brcmfmac43430a0-sdio.txt. Pamenepo ndimatenga nvram.txt ija ya ku Windows, n'kuikopera mu /lib/firmware/brcm/ ndi dzina lenileni limene dmesg yatchula, n'kuyatsanso. Fayilo ya tabuleti ina ikhoza kuyatsa Wi-Fi, koma siginolo imakhala yofooka kapena netiweki zina sizioneka, chifukwa manambala ake ndi a bolodi lina.

Tsopano galasi la Silead, pamene ambiri amagwera ulesi. Tchipi ya GSL1680 ilibe pulogalamu yokhazikika m'kati. Nthawi iliyonse tabuleti ikayaka, driver iyenera kuithira firmware, ndipo firmware imeneyo inatchunidwira galasi la mtundu umodzi. Ngakhale matabuleti a dzina limodzi otuluka miyezi yosiyana akhoza kukhala ndi magalasi osiyana. Pa GitHub pali nkhokwe yotchedwa gsl-firmware, yokhala ndi firmware za matabuleti ambiri komanso zida zochotsera yanu. Chida cha scanwindrv chimasanthula SileadTouch.sys n'kutulutsa mafayilo monga firmware_00.fw ndi firmware_01.fw, pomwe unscramble ndi cha SileadTouch.fw. Akatuluka angapo, ndimayesa imodzi imodzi. Ndimakopera mu /lib/firmware/silead/ ndi dzina limene dmesg yafuna, lomwe pa tabuleti yosadziwika ndi mssl1680.fw.

Firmware ikalowa, galasi limayankha koma molakwika. Mukakhudza ngodya ya pansi kumanja, chizindikiro chimatulukira chapakati kapena mbali ina, ndipo chala chikapita m'mwamba icho chimapita cham'mbali. Chifukwa chake n'chakuti driver, posadziwa kukula kwa galasi, imayesa kuti mbali zonse zimafika 4095, pomwe galasi lenileni limathera pa nambala yocheperapo kwambiri. Ndimaika evtest, chida choonetsa manambala amene galasi likutumiza, n'kusankha silead_ts, n'kuyendetsa chala pang'onopang'ono m'mphepete monse, ndikuyang'ana ABS_MT_POSITION_X ndi ABS_MT_POSITION_Y. Ndimalemba nambala yaikulu ya chilichonse, ndi kuona ngati X ikukwera chala chikapita kumanja. Ngati ikutsika, yatembenuka. Ngati ndi Y imene ikusintha, ziwirizo zasinthana. Kuti muone mmene zimakhalira, Chuwi Hi8 inalembedwa mu kernel ndi 1665 pa X, 1140 pa Y, ndi mbali zosinthana.

Kale pankafunika kumanganso kernel kuti manambalawa alowe. Kuyambira pa kernel 6.10 amalembedwa pa mzere woyatsira:

sudo grubby --update-kernel=ALL --args="i2c_touchscreen_props=MSSL1680:touchscreen-size-x=1665:touchscreen-size-y=1140:touchscreen-swapped-x-y"

Ikani manambala anu, ndipo onjezani touchscreen-inverted-x kapena touchscreen-inverted-y pamene pakufunika. Ngati kabatani ka Windows ka pansi pa sikirini sikagwira, onjezani silead,home-button. Kukonza pa kernel ndi kwabwino kuposa kukonza pa desikitopu, chifukwa kumagwira paliponse, ngakhale pa sikirini yolembera pasiwedi.

Chithunzi chokha chikhoza kutuluka chogona chammbali, popeza masikirini ambiri a 800x1280 anapangidwira kuimirira. Mzere wa video=DSI-1:panel_orientation=right_side_up, kapena left_side_up, woonjezera ndi grubby monga pamwambapa, umaongola. Muyambe ndi chimenechi musanakhudze sensa, apo ayi muzikonza cholakwika chimodzi ndi cholakwika china. Sensa yotembenuza, monga KIOX000A ya Kionix kapena BOSC0200 ya Bosch, anaiwotcherera pa bolodi moyang'ana kulikonse kumene kunali malo. Lamulo la monitor-sensor limanena mbali imene tabuleti ikuganiza kuti yayang'ana. Ngati ikunama, ndimapanga /etc/udev/hwdb.d/61-sensor-local.hwdb yokhala ndi mizere iwiri:

sensor:modalias:acpi:KIOX000A*:dmi:*
 ACCEL_MOUNT_MATRIX=0, -1, 0; -1, 0, 0; 0, 0, 1

Mpata wa kumayambiriro kwa mzere wachiwiri ndi wofunika. Manambalawo ndi chitsanzo chabe: kusintha malo a ma 1 kumasinthanitsa mbali, ndipo chizindikiro cha kuchotsa chimatembenuza. Kenako sudo systemd-hwdb update, n'kuyatsanso.

Mawu masiku ano savuta ngati kale. Matchipi a RT5640, RT5645 ndi ES8316 ali ndi ma driver, bola mapaketi a alsa-ucm ndi alsa-sof-firmware akhalepo, ndipo aplay -l iyenera kuonetsa khadi monga bytcr-rt5640. Chimene chimatsalira kawirikawiri ndi maikolofoni yosamva kapena sipika yosatseka mukalowetsa mahedifoni, pa chifukwa chomwe chija cha mawaya olumikizidwa mosiyana pa bolodi lililonse. Batire pa matabuleti a tchipi ya AXP288 limaoneka lokha mu /sys/class/power_supply.

Bay Trail ili ndi nthenda yake yakale: tabuleti imangouma, osayankha chilichonse, makamaka poonera kanema. Zimachitika purosesa ikalowa m'tulo takuya topulumutsa magetsi. Ma kernel atsopano anachepetsa vutoli, ndiye sindiyamba ndi mankhwala. Ikauma, ndimaonjezera intel_idle.max_cstate=1 ndi grubby yomwe ija. Mtengo wake ndi batire kutha msanga ndi tabuleti kufunda kumsana.

Kamera ndimaisiya, ndipo ndikulangizani kutero ngati mukuifunira kuimba mafoni a kanema. Imadutsa mu chigawo cha Intel chimene driver yake, atomisp, inachotsedwa mu kernel 4.18 posowa woisamala, n'kubwezedwa mu 5.8 ndi Mauro Carvalho Chehab. Imagwira ndi masensa ochepa, ndipo mapulogalamu wamba saiona ngati webukamu yanthawi zonse. Kamera ya USB pa habu ija imagwira nthawi yomweyo.