Akaputeni athu ali ndi mizere itatu basi

Pa chiliza cha agogo kwa Santhe sabata yathayi, munthu amene aliyense amafuna kumugwira chanza sanali abusa kapena amfumu ayi, anali msuweni wanga uja woyendetsa ndege. Azimayi kukhitchini amangoti akaputeni afika, akaputeni apatseni mpando wabwinowo, mpaka nthutumba ya nkhuku inapita mu mbale yake ife akuluakulu ake tikungoyang'ana kkkk. Iye amangomwetulira, osakonza aliyense. Koma zoona zake mnyamatayu si kaputeni. Ndi first officer, amakhala mpando wa kumanja, paphewa ali ndi mizere itatu, kaputeni amakhala kumanzere ndipo yake ndi inayi. Kumudzi ndani angawerenge mizere, bola munthu amauluka.

Ine ndinali ndi cholinga changa. Mwana wanga woyamba ali Fomu 3 ndipo chiyambire sitandade 5 nyimbo yake ndi imodzi, adzakhala payiloti. Ndege ikangomveka m'mwamba amasiya nsima, nthawi ina anayenda wapansi ndi anzake mpaka ku kabwalo ka ndege ka pa Kasungu pano atamva kuti kwatera kandege kakang'ono. Ndiye pobwerera ku boma madzulo, tili awiri mu galimoto, ndinati ase, mawa umulimbikitse mphwakoyu. Anakhala chete kaye kenako akuti, achimwene, kumulimbikitsa ndimulimbikitsa koma kumunamiza sindimunamiza. Tinakaima penapake kumwa kozizira ndipo zimene anandifotokozera usiku umenewo ndi zimene ndikulemba apa, dzina la kampani yake sinditchula, ndi ya kunja, zikwane pomwepo.

Poyamba njira yake. Ine ndimaona ngati ukamaliza sukulu ya ndege ndiye kuti ntchito ikukudikira pa geti ngati adokotala akale. Ayi ndithu. Umayamba ndi laisensi yaing'ono ija amati PPL, yongouluka wekha osalipidwa, kenako CPL yomwe ndi yololedwa kugwira ntchito, ndipo ku South Africa komwe iye anaphunzira imafuna maola 200 a mlengalenga. Ola lililonse umalipira wekha, ndege, mafuta, mphunzitsi, zonse mu ma rand. Ine ndikukumbuka bwino chifukwa bambo ake anagulitsa ng'ombe pafupifupi khola lonse, ngolo, puloti ya ku boma, kuphatikiza ndalama za fodya za zaka zitatu, anthu m'mudzi mpaka amanena kuti mkuluyu walodzedwa. Atabwera ndi pepala lake tinavina. Zimene sitimadziwa ndi zoti anakhala zaka ziwiri ndi miyezi kwa mlongo wake ku Area 25 akuphunzitsa ana masamu a pati taimu, akutumiza ma CV kulikonse, yankho limodzimodzi: maola ako ndi ochepa. Ena akufuna 500, ena 1,000, ndipo laisensi yaikulu ija ya ATPL, yomwe popanda iyo sungakhale kaputeni wa ndege zikuluzikulu, imafuna maola 1,500. Nanga maolawo uwatenga kuti ngati palibe wokupatsa ndege? Zili ngati kuuza mnyamata kuti sitikupatsa minibasi mpaka utayendetsa minibasi zaka zisanu.

Anyamata ambiri akuti amathera ku uphunzitsi pa sukulu yomwe anaphunzirayo, ena amapita ku Maun ku Botswana kukasaka mwayi wa tindege ta Cessna tonyamula alendo okaona nyama ku Okavango, kugona mu tenti kudikira kuti mwina wina asiya ntchito. Iye anapeza kwina kotere, malipiro ongokwanira sopo, koma maola amalowa m'buku. Buku limenelo, logbook, amalisunga kuposa pasipoti.

Pamenepo ine ndinati chabwino, koma pano unalowa kale kampani yaikulu, vuto ndi chani? Apa mpamene anayamba kulankhula ngati munthu amene wasunga zinthu nthawi yaitali.

Akuti mu ntchito yawo chilichonse chimayendera mzere. Tsiku limene unalembedwa ntchito ndi limene limakupatsa nambala, ndipo nambala imeneyo ndi imene imanena kuti ukwera liti kukhala kaputeni, utenga holide ya Khirisimasi kapena ayi, ndipo zinthu zikavuta achotsa ndani poyamba. Ukachoka kupita kampani ina, m'makampani ambiri umakayambira kumchira ngakhale uli ndi imvi. Ndinamuuza kuti ase, imeneyo ndi layini ya mafuta pa filling station, wakhala kuyambira 4 koloko m'mawa, wamva kuti kwina kwabwera thanki, uchoke kapena ukhale? Ukachoka ukapeza layini ina yaitali, ukakhala mwina pampu yako iuma usanafike. Anaseka mpaka kutsamwa, akuti ndi zimenezo ndendende, iye wakhala pa layini yake zaka zisanu ndi chimodzi ndipo anatsala pang'ono kufika pa pampu.

Ndiye chaka chatha kunabwera mabwana atsopano. Choyamba anayamba kulemba makaputeni okhwima kale kuchokera kunja pa kontilakiti, kuwakhazika molunjika pa mpando wa kumanzere uja iye amauyembekezera. Kwa kampani ndi zotchipa komanso zachangu, sukufunika kuphunzitsa munthu miyezi, koma kwa amene ali pa mzere ndiye kuti layini yaima. Chachiwiri anabwereka ndege ina pamodzi ndi oyendetsa ake omwe, amati wet lease, ndege ikuuluka ndi dzina la kampani yawo koma mkati muli anthu a eni ndege. Chachitatu, mphekesera zoti mtundu wa ndege umene iye amayendetsa akufuna kuugulitsa wonse. Ichi ndiye chimamusowetsa tulo chifukwa kuyendetsa ndege sikuli ngati galimoto kuti wa Toyota akhoza kungokwera Nissan. Mtundu uliwonse uli ndi maphunziro ake, type rating, ya Boeing 737 payokha, ya Q400 payokha, ndipo ndi ndalama zoopsa mu madola. Kampani ikakulipirira imakumanga bondi zaka zingapo, ukathawa ubweza. Ikapanda kukusankha, uli ndi pepala la ndege imene kulibenso.

Ndipo palibe amene amawauza chilichonse. Memo imabwera yongoti tikukonza zinthu kuti kampani ipite patsogolo, basi. Nkhani zenizeni amazimvera pa gulupu ya WhatsApp ya ma payiloti, wina waona ndege ikupentedwa, wina wamva kwa wa ku akaunti, wina watumiza chithunzi cha advert ya ntchito yawo yomwe pa intaneti. Anandionetsa foni, mauthenga osawerenga anali mazana, nthawi ili cha m'ma 10 usiku.

Ine ndinakulira pa esiteti ya fodya ndipo pamene amalankhula ndimangoona matenanti aja. Munthu waluso, amadziwa nazale, amadziwa kupachika mu chigafa, amadziwa kusankha magiredi ndi maso okha, koma chaka chino kulimidwa fodya kapena soya sizimuyendera iyeyo, amangomva bwana wanena. Kusiyana kwake tenanti uyu amavala tayi ndipo amagona mu hotela.

Mantha akewo si opeka, ife a Malawi tinaziona ndi maso. Air Malawi inayamba 1964, inali ndi mbiri yake, akuluakulu amakumbukabe ndege zake za VC10 ndi BAC One-Eleven, ife a m'badwo uno timakumbuka Boeing 737 ija inalembedwa Kwacha. Mu 2013 inatsekedwa ndi ngongole, m'malo mwake kunabwera Malawian Airlines, pano Malawi Airlines, boma lili ndi 51 peresenti, Ethiopian Airlines 49, inayamba kuuluka kumayambiriro kwa 2014. Anzathu a ku Zambia yawo inagwa 1994 ndipo dzina la Zambia Airways linadzaulukanso 2021, tangowerengani zaka zimenezo, munthu amene anali first officer wachinyamata nthawi imeneyo anakalamba akudikira. South African Airways yomwe timaiona ngati phiri inalowa mu business rescue, ndondomeko yoyesa kupulumutsa kampani yomira mu ngongole, mu December 2019, Air Namibia inatsekedwa 2021, Comair ya Kulula ija 2022. Kampani iliyonse ikagwa ma payiloti ake okhwima amakhuthukira pa msika, ndipo wa maola 200 uja amakankhidwira kutali kwambiri.

Ndinamufunsa funso limene aliyense akanafunsa, bwanji osangobwera kwanu kuno? Akuti mtima ulipo, amafuna atamatera pa KIA tsiku ndi tsiku nkumadzagona kwawo, koma ndege za kuno ndi zowerengeka ndi zala ndiye mipando nayonso ndi yochepa, munthu sachoka pa mpando wotero msanga. Komanso bizinesi ya ndege imadya madola, kubwereka ndege madola, masipeyala madola, inshuwalansi madola, kukaphunzira ku simulator, makina oyeserera kuyendetsa ndege uli pansi, madola, pamene ambiri okwera kuno amalipira makwacha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ine ndimangolira za feteleza mu shopu mwanga, sindinaganizeko kuti bambo amene akulipirira mwana sukulu ya ndege ku South Africa fizi yake inakwera usiku umodzi womwewo. Alipo ndithu amene anabwerera maphunziro ali pakati.

Nthawi ya Covid mu 2020 anakhala pansi miyezi yambiri pa theka la malipiro, ife kuno timaona ngati ali pa holide. Kumeneko nkomwe ndinamva kuti payiloti amathanso kutha ntchito ngati mankhwala. Lamulo limati kuti unyamule anthu uyenera kukhala utanyamuka ndi kutera katatu m'masiku 90 apitawo, apo ayi ubwerere ku simulator kaye. Ngakhale zinthu zili bwino, miyezi isanu ndi umodzi iliyonse amakulowetsa mu simulator nkukuzimitsira injini, kukuyatsira moto, kuona ngati mutu ukugwirabe. Chaka chilichonse kwa dokotala, maso, makutu, mtima, BP, shuga. Tsiku limene dokotala wapukusa mutu ng'ombe zonse zija zapita. Ndipo ukafika zaka 65 ndege za maulendo a kunja umazisiya, ufune usafune. Za dokotalazo nchifukwa chake pa chiliza paja nyama ya nkhumba sanaikhudze, ine ndimaona ngati ndi matama.

Tsono ndisaname, chisoni changa chili ndi malire. Mnyamatayu pa mwezi amalandira zimene ine ndimapeza sizoni yabwino, ndipo pamene amadandaula za layini yake ine ndimaganiza za mzimayi amene ndinamukongoza thumba la Urea chaka chatha ndipo mvula inamudula mu February. Ndinamuuzanso zimenezo, sanakwiye. Anangoti achimwene, inu shopu ikagwa mutsegula ina pa Chinkhoma mawa lomwe, ine ntchito yanga ogula ake mu Africa muno mukhoza kuwalemba pa pepala limodzi, ndipo onse amadziwana. Apo ndinakhala chete, chifukwa ndi zoona.

M'mawa mwake anakhala ndi mwana uja pa khonde pafupifupi maola awiri. Ine ndimamvetsera chapatali ndikunamizira kutsuka galimoto. Sanamuopseze ayi. Anamuuza za Yolanda Kaunda, mayi woyamba wa Chimalawi kukhala kaputeni, kuti Mmalawi amafika ndithu pa mizere inayi. Anamuuza kuti masamu, physics ndi chizungu asasewere nazo, kuti aziyang'anira ngati kampani ina yalengeza zotenga ma cadet nkuwaphunzitsa yokha chifukwa imeneyo ndiyo njira imene siigwetsa khola la bambo, komanso kuti akhale ndi pepala lina m'thumba, kaya la uinjiniya, poti okonza ndege nawonso amafunika. Kenako anati musanagulitse ngakhale mbuzi imodzi, kayezetseni kaye maso ndi mtima, ena amadziwa kuti sasiyanitsa mitundu ina ndalama zitapita kale. Mwana anangofunsa funso limodzi, kuti mitambo mukamaiboola imamveka bwanji. Ndinaona nkhope ya msuweni wanga ikusintha, anayamba kufotokoza ndi manja onse awiri za kunyamuka m'bandakucha, pansi kuli mdima koma iwe dzuwa waliona kale, munthu yemwe uja amadandaula usiku wonse. Za maso tapangana kuti tipita holide ikubwerayi, ndalama ya ulendo umenewo ndiye ndili nayo.

Pomuperekeza kokwera basi ya ku Lilongwe tinadutsira kwa azakhali kuti akatsanzike. Anamupatsa kathumba ka mtedza ndi ufa woyera, kenako akuti, paja unati kwatsala kamzere kamodzi, akupatsa liti? Foni yake inali ikunjenjemera m'thumba, gulupu ija. Anati posachedwa amayi, nkunyamula mtedza wake.