Zikomo abale a ku Angónia, digiri ija ndatenga

Amayi, amalume, azakhali ndi nonse a ku Ulónguè ndi Dómuè, kafukufuku wanga wavomerezedwa ndipo digiri yachiwiri ili m'manja. Zikomo kwambiri.

Ambiri munkandifunsa pa foni kuti kunjako ndikuphunzira chiyani, ine n'kumangoseka. Lero ndikuyankheni. Ndinkafinya mchere wapoizoni wa potassium cyanide ndi sodium cyanide pakati pa diamondi ziwiri. Kachipangizoka kamakwana m'dzanja, ndipo mcherewo umakhala kanjere kochepa kuposa kamchenga, koti uike ndi nsonga ya singano ukusuzumira pa maikulosikopu. Pambali pake timaika kachidutswa ka ruby, popeza kuwala kwake kofiira kumasintha ukamamanga zomangira, ndiye timadziwa mphamvu yomwe tafika. Mphamvuyi timaiyeza m'ma gigapascal, ndipo gigapascal imodzi ndi pafupifupi kuwirikiza ka 10,000 kulemera kwa mpweya umene umatipanikiza tonsefe.

Kenaka timawalitsapo laser. Kaboni ndi nayitrojeni wa mu cyanide amanjenjemera pa liwiro lawolawo, cha m'ma 2,080 pa cm⁻¹, muyeso wa kunjenjemera kotere, ndipo njira yomwe C. V. Raman anatulukira mu 1928 imationetsa kunjenjemerako ngati kamzere pa kompyuta. Ukamapanikiza, kamzereko kamasendera kumtunda, ndipo pa mphamvu ina mcherewo umasanjika mwatsopano. Potassium cyanide amatero pafupi ndi ma gigapascal awiri. Kwa ine apa ndi pomwe panali pokoma zedi.

Zowawa zinalipo. Diamondi ina inasweka pakati pa ntchito, kungomva thi! basi, ntchito n'kuima miyezi ingapo pomwe ndalama ya bolsa, thandizo la maphunziro lomwe ndinkalandira, inali itatha. Amalume, inu munagulitsa mbatatesi ya chaka chonse ndi ng'ombe imodzi osandiuza. Ndinachita kumva kwa achemwali. Amayi a m'kwaya ya kwathu, mametikali munasonkha aja ndi amene analipira lendi yanga m'nyengo yozizira.

Agogo atamva za cyanide anati, "Si yemwe uja timachotsa poviika chinangwa chowawa?" Ananena zoona, ndipo anamvetsa msanga kuposa anzanga ena a kusukulu. Aphunzitsi anga a chemistry a ku sekondale, munatiphunzitsa ndi choko chokha mopanda labotale, koma ndi inu munandiyambitsa.

Ndifika mwezi wamawa pa chapa (minibasi) yochokera ku Tete. Loweruka lake kudzakhala mapemphero othokoza kunyumba kwa amayi, ndipo thobwa azakhali alonjeza kale. Mudzabwere nonse.