Buledi wa pa mbaula ndi supu wa mutu wa kampango

Anzathu a ku Dedza savomera tikanena kuti kuno ku Mangochi kwazizira, chifukwa amangodziwa kutentha kwathu kwa mu Okutobala. Koma mu Juni ndi Julayi, mwera ukayamba kuwomba, madzi a m'ndowa amaluma m'manja m'mawa, ndipo nyumba zathu zinamangidwa kuti muzipita mphepo, osati muzifunda. Ana anga atatu amaweruka kusukulu milomo itauma, wamng'onoyo akutsokomola. Masiku oterewa ndimaphika buledi ndi supu, onse awiri pa mbaula.

Ndimayamba ndi buledi chifukwa ndi amene amadya nthawi. Mu beseni ndimathira fulawa wokwana theka la kilogalamu, yisiti theka la kapaketi ka magalamu 10, mchere sipuni yaing'ono imodzi, shuga masipuni awiri ndi mafuta ophikira masipuni awirinso. Madzi amakhala pafupifupi mamililita 300, kapu imodzi ndi pang'ono.

Pa madzi pomwepa ndi pamene ndinalakwitsa kawiri konse. Chaka choyamba ndinatunga madzi a m'ndowa monga ndimachitira nthawi yotentha. Ufa unangokhala phee mpaka madzulo osafufuma, ndipo buledi anatuluka wolimba moti ana anachita kumuviika mu tiyi kuti atafunike. Sabata yotsatira ndinati ndikonze, ndinathira madzi ongophula kumene pa moto, ndiye ndinapha yisiti. Mtima unandiwawa, fulawa si wotchipa. Anandiwongola ndi apongozi anga atabwera kudzationa kuchokera ku Namwera, kumtunda komwe kumazizira kuposa kuno kunyanja. Anandigwira dzanja n'kundidonthezera madzi pamkono. “Mwamva? Akhale ofunda ngati osambitsira khanda. Akakuwotchani inu, yisitinso amuwotcha.” Ndinati, “Ndamva amayi,” ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinataye ufa. Yisiti ndi chamoyo, kukazizira amagwira ntchito mochedwa, ndipo madzi akafika madigiri 60 amafa.

Kukanda ndi mphindi 10 zathunthu. Poyamba ufa umamata m'zala ndipo mtima umafuna kuwonjezera fulawa wina, koma ndinaphunzira kudziletsa, ndimangopaka mafuta pang'ono m'manja n'kupitiriza. Ukasalala, ndipo ndikaudina ndi chala n'kubwerera, ndiye kuti wakwana. Ndimaphimba beseni ndi chitenje choyera, pamwamba bulangete la mwana, n'kuliika kuseri kwa khoma komwe kukuwomba dzuwa koma mphepo sikufika. Kukachita mitambo ndimaliika pafupi ndi mbaula, osaligunditsa. Mu Okutobala ola limodzi limakwana. Mu Julayi ndimadikira maola awiri, nthawi zina kuposerapo, mpaka ufa utafufuma kuwirikiza kawiri.

Nthawi yodikirayi ndi ya supu. Mwera ukakula asodzi ambiri salowa m'nyanja, nsomba zimasowa pamsika ndipo chambo chimakwera mtengo. Nchifukwa chake ndimagula mutu wa kampango. Ena amaunyoza, koma kwa ine palibe chotulutsa msuzi wokoma kuposa mutu umenewu, uli ndi mafuta ake komanso mnofu wambiri m'masaya. Ndimaupempha wogulitsa kuti aung'ambe pakati. Kunyumba ndimachotsa zofiira zija zomwe nsomba imapumira, chifukwa zikatsala msuzi umawawa. Kampango alibe mamba koma khungu lake limaterera, choncho ndimalikwecha ndi mchere ndi ndimu n'kutsuka bwino. Mwayi wake mandimu amapezeka ambiri miyezi imeneyi.

Mutuwo ndimauika m'madzi ozizira okwana malita awiri, pamodzi ndi anyezi mmodzi ndi kachidutswa ka jinja kosinja. Akayamba kuwira ndimayengula thovu n'kuchepetsa moto. Mphindi 25 ndi zokwanira. Kenaka ndimasefa msuzi pa sefa, n'kukhala pansi kusankha mnofu ndi zala. Apa sindithamanga ngakhale ana akhale akulira njala, chifukwa munga umodzi wokha ungathe kumuima mwana pakhosi. Ndimadutsamo kawiri.

M'poto yemweyo ndimakazinga anyezi wina, adyo ndi matimati atatu, kenaka ndimaponyamo dzungu losenda loduladula ndi mbatata ziwiri, n'kubwezeramo msuzi uja. Dzungu likafewa ndimaliphwanya ndi mthiko mpaka supu atalemera. Nsinjiro masipuni atatu ndimayamba ndazisungunula m'kapu ndi msuzi pang'ono kuti zisachite mibulu, n'kuzisiya zibwate mphindi 10. Mnofu wa nsomba umalowa komaliza. Kambuzi sindithira m'poto, abambo awo a anawa amadzithirira okha m'mbale mwawo.

Apa ufa umakhala wafufuma. Ndimaudinikiza kuti mpweya utuluke, n'kuumba timibulu 8 tomwe ndimatindandalika m'sefuliya yopaka mafuta, n'kuphimbanso kwa mphindi 30 kapena 40. Uvuni ndilibe. Ndili ndi poto wamkulu wakale amene ndinathiramo mchenga wa kumtsinje wa Shire wokwana zala ziwiri kuya kwake. Ndimamutenthetsa kaye pa mbaula, kenaka ndimakhazika sefuliya ya buledi pamchengapo, n'kuvundikira ndi lata lomwe ndimayalapo makala amoto. Mchenga umagawa kutentha kuti buledi asapserere kunsi.

Chinsinsi chake ndi chakuti moto wambiri ukhale pamwamba, pansi pakhale wochepa. Ndimachotsa makala ambiri m'mbaula n'kuwasamutsira palata, pansi n'kutsala ochepa okutidwa ndi phulusa. Mwera umavutanso pano, chifukwa umakupiza makala a mbali imodzi, buledi n'kupsa kumodzi. Ndimatchinga ndi lichero kapena kusamutsira mbaula pakhonde, ndipo pakatha mphindi 15 ndimatembenuza poto. Ngakhale kuzizire bwanji, mbaula yamoto sindiilowetsa m'nyumba yotseka mawindo. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo, ndipo ana anga onse ndinawauza zimenezi momveka.

Mphindi 25 zoyamba sindivundukula. Zikafika 35 fungo limakhala lafika kale kwa aneba. Ndimanyamula lata mosamala kuti phulusa lisagweremo, n'kugogoda buledi ndi chala. Akamveka ngati kang'oma ndiye kuti wapsa. Ndimamupaka majarini pamwamba akadali wamoto n'kumukulunga m'kansalu kuti khungu lake lifewe.

Tsiku limene fulawa kulibe ndimaphika chigumu cha mgaiwa, nthochi zakupsa ndi soda m'poto wa mchenga yemweyu, ndipo chimayenda bwino ndi supu ameneyu.

Loweruka lapitali tinadyera pamkeka pakhonde dzuwa likulowa, aliyense atafunda chitenje. Wamng'ono uja anagwira mbale ndi manja onse awiri kuti afunditse zala, kenaka ananyema buledi n'kupukutira mbale yonse mpaka kuyera. “Amama, mawa muphikenso,” anatero. Mibulu iwiri ndinali nditabisa kale m'poto kuti adzamwere tiyi m'mawa.